Majini a Mpunga

Magetsi athima kachitatu lero.
Laputopu yatsala ndi moto wa mphindi makumi anayi,
ndipo kafukufuku wa anthu amene sindiwadziwa
akudikira chigamulo changa lisanathe Lachisanu.

Kunja akabaza akuliza mabelu polowera kumlatho.
Mlongo wanga Jafali wafika m'mawa kuchokera ku Malombe
ndi theka la thumba la faya
ndi nkhani ya ngongole imene sanaiyambebe.
Wakhala pakhomo, akumasula pampu yake yakufa,
mabawuti wawandandalika pa nyuzipepala.

"Ukuwerenga chiyani chokukwinyitsa nkhope chonchi?"
Ndati: majini a mpunga.
Sipanala yaima.
"Mpunganso uli ndi majini? Ndiye tiitane shehe!"

Ayi, Jafali, awa safuna lubani.
Ndi timalemba ta chibadwa tobisika m'kambewu kalikonse,
touza muzu pokafika, touza tsamba nthawi yodzipinda
dzuwa likalusa.
Amakhala ngati mbumba:
kholo limodzi kalekale, ana nkuchulukana,
ena akhama, ena ogona masana,
ena anangotsala dzina.

Olembawa awerenga mbumba ya makumi anayi ndi atatu.
Ajambula mtengo wa chibale, nthambi ndi nthambi,
ndi timabokosi tofiira ndi tobiriwira
ngati nsalu yogulira Idi.
Akuti atathira madzi amchere pa mbande za masabata awiri
majini asanu ndi anayi anadzuka.
Choncho, akutero, alonda a mpunga tawapeza.

Pa "choncho" ameneyu ndi pomwe ndapunthwa.
Miphika itatu yokha.
Mtundu umodzi wa mpunga.
Chipinda chozizirira bwino, nyali yosadziwa kuthima.
Anayeza patatha maola asanu ndi limodzi, osabwererakonso,
ndipo palibe mbande imene anaisiya
kuti ifike potulutsa ngala.

Jafali wapukuta girisi pa buluku.
"Nyumba ya Che Mbwana itapsa, tonse tinadzuka.
Ena anathamangira ndowa, ena ankangokuwa,
Idirisa anadzuka nkukaba nkhuku.
Uwafunse anzakowo:
mwa asanu ndi anayiwo, anatunga madzi ndani?"

Ndalemba funsolo momwe lilili,
ndangolivula dzina la Idirisa.
Tsekani jini imodzi, tione ngati mbewu igwa.
Bwerezani. Onjezani mitundu.
Yesani mchere ndi kutentha pamodzi,
poti kuno mavuto sabwera pamzere ngati odwala pachipatala.

Kenaka wandiuza za chigawo chakumunsi,
pomwe nthaka yatuwa ngati milomo ya wosala Ramadani.
Mpunga unaima ndithu, wobiriwira, wonyada,
aliyense wodutsa ankauyamikira.
Pomenya, mankhusu okhaokha.
Mphepo inanyamula zokolola zonse kupita nazo kwa eni ake.

Ndabwerera pa tsamba loyamba.
Dzina lotsogolera mwina ndi la mtsikana
amene anagona mu labu miyezi isanu ndi itatu,
maso ofiira, akutsuka timabotolo,
amene naye ali ndi mlongo womudikira kwinakwake.
Ndafufuta mawu oti "palibe umboni."
Ndalemba: "Mwawerenga mbumba bwino, ntchitoyo ndi yoona.
Koma kudzuka si kugwira ntchito.
Konzaninso, ndidzawerenganso."

Moto watsala pang'ono.
Netiweki yazungulira, yazungulira,
ngati nkhuku yofuna poikira.
Yapita.

"Ndiye mbewu yopirirayo ifika liti?"
Osati chaka chino.
"Chamawa?"
Sindinganame, Jafali. Sindikudziwa.

Wagwedeza mutu, wakweza kampira kong'ambika
kuti ndikaone pa kuwala kwa zenera.
"Basi, majini akowo adikire.
Aka ndi fayifi sauzande kwa Amidu.
Undibwereke."